Magazini ya kafukufuku wa mu Africa yakula, koma ikufika kwa ndani?

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndiyankhulepo za Africa Journal of Management, magazini ya kafukufuku wa kayendetsedwe ka makampani ndi mabungwe yomwe a bungwe la Africa Academy of Management anayamba kutulutsa mu 2015. Mkonzi woyamba anali pulofesa Moses Kiggundu, wa ku Uganda yemwe ankaphunzitsa ku Carleton University ku Canada, pomwe pulofesa Stella Nkomo wa ku University of Pretoria ndiye anali pulezidenti woyamba wa bungwelo. Imatuluka kanayi pachaka kudzera kwa a kampani yosindikiza mabuku ya Taylor & Francis ndipo pano ili mu Scopus, mndandanda wa pa intaneti wa magazini a kafukufuku, komwe mayunivesite ambiri amayang'ana akafuna kukweza lekichala pantchito.

Ine zimenezi zimandisangalatsa kwambiri, chifukwa kwa zaka zambirimbiri wophunzira bizinesi kuno amangoloweza za Ford ndi Toyota basi, ngati kuti mayi wa banki m'khonde ku Ntcheu kapena manijala amene akusowa foreksi yogulira zipangizo alibe chotiphunzitsa. Magaziniyi yaonetsa kuti za umunthu pantchito, mageni osalembetsa kuboma, mabizinesi a pabanja, makampani aboma, zonsezi ndi nkhani zoyenera kufufuzidwa mozama ndipo anzathu akunja akuziwerenga n'kumazitchula m'mapepala awo a kafukufuku.

Koma apa ndipomwe pali nkhawa yanga. Kukula kwake tikukuyeza powerenga kuti mapepala ake atchulidwa kangati ndi ofufuza ena, ambiri mwa iwo ali ku America ndi ku Ulaya, nanga wamkulu wa kopaletivi ya alimi ku Mchinji wamvapo chani? Mapepala ambiri kuti uwatsegule pa intaneti pamafunika kulipira madola, Chingerezi chake ncholimba, ndiye olo utakhala ndi bando yokwanira umangothera pa ndime yoyamba ija.

Pempho langa kwa malekichala athu a ku MUBAS, UNIMA ndi MZUNI ndilakuti tumizani kafukufuku wanu kumeneko, msonkhano wa Africa Academy of Management unachitikapo ku Gaborone, Nairobi ndi Addis Ababa, sikutali ayi. Mukatero mubwere nazo kuno muzifotokoze m'Chichewa pa wailesi. Inunso akonzi mutipatseko tsamba limodzi pamwezi loti zopeza za ofufuzawa zizilembedwa mwachidule, eni mashopu ndi mabwana a m'maofesi aziwerenga.

Wowerenga wanu,
ku Zomba