Musafulumire kunyoza mfuti yotchipa, yambani mwamanga masikuluwu

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi anyamata amene ayamba kugula mfuti za mpweya, zija zothyola pakati n'kuikamo peleti imodziimodzi, komanso ndi eni mashopu amene akuwagulitsa.

Ine ndine msilikali wopuma ntchito. Kuwombera ndinaphunzira kusukulu ya asilikali ya MAFCO konkuno ku Salima, ndipo pano ndimalima mpunga ndi chinangwa chakufupi ndi Senga Bay. Chaka chatha mwana wa mlongo wanga anagula mfuti yotereyi mushopu ina ku Lilongwe, yopangidwa ku China, ya mapeleti a mamilimita 4.5. Patangotha mwezi anabwera nayo kwathu nkhope ili gwaa. "Atsibweni, andibera," anatero, akundionetsa katoni imene amayeserapo. Mabowo anali balala ngati mapira omwazira nkhuku. Atabwerera kushopu kuja kukadandaula, anamuuza kuti vuto ndi loti alibe sikopu, kagalasi kochalira kokuza zinthu kamene amamangirira pamwamba pa mfuti, n'kumugulitsanso sikopuyo, n'kumulangiza kuti azidonthezera oyilo wa makina osokera m'kabowo kotulukira mpweya. Sikopu sinathe masabata awiri, timizere ta m'kati tinapendekeka. Oyilo uja ankachititsa kuti mfuti izilira ngati yeniyeni, utsi uli tolo, mnyamata n'kumasangalala kuti yawonjezera mphamvu.

Ndinailandira modzikhulupirira. Ndinaikanikiza paphewa zolimba monga tinkachitira kuntchito, ndinachalira bwinobwino, koma zipolopolo zisanu zinagwa malo asanu. Mnyamata uja anayang'ana kumbali kubisa kuseka. Zinandiwawa, ndipo ndinamuuza kuti aisiye kwathu masabata angapo.

Chimene ndinadzazindikira n'chakuti mfuti yotereyi, poti imayendera sipuling'i, ili ndi khalidwe lakelake. Ukakoka tiriga, sipuling'i imakankha pisitoni kutsogolo, mfuti n'kubwerera kumbuyo, kenako pisitoni ikafika kumapeto mfutiyo imadumphanso kutsogolo. Zonsezi zikuchitika peleti isanatuluke mumpope. Ndiye ukaigwira zolimba lero, mawa pang'ono, kapena dzanja lasuntha malo, imadumpha mosiyana ndipo peleti imapita kwina. Imafuna uigoneke pachikhatho chotambasula, malo omwewo nthawi zonse (ine ndinamatapo kapepala), kuphewa ingokhudza, uilole idumphe mmene ikufunira. Usaitsamiritse pa njerwa kapena patebulo. Ife tinadzaza mpunga musokosi yakale, dzanja pamwamba pa sokosiyo, mfuti pamwamba pa dzanja. Kudumpha kawiri komweko ndi kumene kumaphwanya masikopu otchipa, ngakhalenso ena odula amene anapangidwira mfuti zamoto. Washopu ngati ankadziwa zimenezi n'kugulitsabe, analakwa. Ngati sankadziwa, nanga akugulitsiranji?

Koma ndisanafike n'komwe pa kagwiridwe, ndinapeza chinthu chochititsa manyazi. Masikuluwu atatu amene amagwirizitsa chitsulo ndi thabwa, awiri kutsogolo ndi imodzi pafupi ndi tiriga, onse anali olefuka. Imodzi ndinaipotokola ndi chikhadabo. Mfuti inkagwedera m'thabwa lake ngati khasu loguluka mumpini. Nditawamanga, mabowo pakatoni anayamba kuyandikana tsiku lomwelo, osawonongapo ngakhale tambala. Amamasukanso chifukwa cha kunjenjemera kuja, choncho ndimawayesa ndisanayambe kuwombera. Onaninso karabala kozungulira pamene mumalowetsa peleti. Mukawazapo ufa pang'ono pamalumikizo n'kuwombera, ufawo ukauluka ndiye kuti mpweya ukuthawira pamenepo.

Za oyilo, chonde lekani. Mpweya ukapanikizika m'kati umatentha kwambiri, oyilo wa galimoto kapena wa makina n'kuyaka, mofanana ndi mmene injini ya dizilo imalilira. Peleti ina imatuluka ndi liwiro lalikulu, ina lochepa, ndipo rabala ya pisitoni imapsa. Oyilo pukutirani kunja kokha, poti kuno kunyanja dzimbiri silichedwa. Musaiwombenso yopanda peleti, pisitoni imakamenya chitsulo popanda chotchinga.

Kumene ndalama iyenera kupita ndi ku mapeleti. Mnyamatayu ankagula a m'timapepala tapulasitiki, ena ophwanyika siketi (mbali ya kumbuyo ya mphako), ena olowa lendelende, ena ochita kukankha ndi msomali. Tinathira pansalu n'kusankha: pa khumi alionse tinkataya awiri kapena atatu. Kenako tinagula mitundu itatu ya m'zitini n'kuyesa uliwonse, zipolopolo zisanu zisanu, pa mtunda wa mamita 10. A mutu wosongoka, amene anyamata amawakonda chifukwa amaoneka aukali, ndi amene anamwazika kwambiri. A mutu wobulungira anasonkhana bwino. Mpope uliwonse uli ndi peleti imene umaikonda, ndipo mfuti ziwiri za kampani imodzi zikhoza kusiyana. Mukaupeza mtundu wake, musasinthenso. Ndipo mfuti yatsopano imafuna ithe kaye chitini chathunthu cha mapeleti 500 kuti zitsulo zizolowerane, isanayambe kuonetsa khalidwe lake lenileni.

Cholakwika china n'kuthamangira kupotokola zochalira peleti imodzi ikangophonya. Wombani zisanu mukuyang'ana kadontho kamodzi. Zikasonkhana, ngakhale pakona pa pepala, ndiye kuti mfuti ili bwino, chatsala n'kusuntha chochalira cha kumbuyo kupita mbali imene mukufuna kuti zipolopolo zipite. Zikamwazika, musakhudze chilichonse, vuto lili kwa inu kapena ku mapeleti. Apa pokha maphunziro a usilikali anandithandiza: tulutsa mpweya pang'ono, imitsa, finya tiriga pang'onopang'ono osaikhadzula, ndipo usadzutse mutu kufuna kuona pamene yagwa. Khala choncho mpaka wamva kuti pha.

Tisaiwale mwera. Peleti ya 4.5 imalemera pafupifupi theka la gilamu, ndiye m'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ikamachokera kunyanja imaikankha ndithu. Ife timayesa m'mamawa, asodzi a usipa akamakocheza, kunja kusanayambe kuwomba.

Ena aziti zimenezi n'zachibwana. Kuwombera chandamale ndi mfuti ya mpweya pa mamita 10 ndi masewero a Olympics, ndipo kadontho ka pakati kopatsa mapointi 10 n'kotalika theka la milimita basi. Abhinav Bindra wa ku India anapata nako golide ku Beijing mu 2008. Zoona, mfuti zawo n'zina, mtengo wake kuposa njinga yamoto ya kabaza, ndipo yathu ya ku China singafikeko. Koma kupuma ndi kufinya tiriga n'komweko.

Ndisabise nkhawa yanga. Ndaona anyamata akuwombera mabotolo oyandama panyanja, ana akusamba chapafupi. Peleti imanjanja pamadzi ndi pamwala, ndipo imaboola diso. Ife chandamale timachiika kutsogolo kwa chulu chachikulu kuseri kwa munda, kumene sikudutsa njira. Poika peleti dzanja lina ligwire mpope osausiya, chala kutali ndi tiriga. Mukatha sambani m'manja musanagwire nsima, mapeleti ndi a mtovu. Musanagule, pitani kupolisi mukafunse za chilolezo, musadalire mawu a wogulitsa. Ndipo amene akuganiza zolowa nayo kumalo osungira nyama zakutchire a Kuti kapena m'nkhalango ya Nkhotakota, kalata ino sindikulembera iwo.

Kwa eni mashopu, pempho langa n'laling'ono: mangani masikuluwu mfuti isanatuluke pakhomo, sungani mapeleti abwino a m'zitini, ndipo musagulitse sikopu imene mukudziwa kuti sipirira sipuling'i.

Mwana wa mlongo wanga anadzatenga mfuti yake mu Seputembala. Pa mamita 10 zipolopolo zake zisanu tsopano zimabisika pansi pa chitsekerero cha botolo la Fanta, ndipo sabata yatha anandiposa kawiri motsatizana. Sikopu ija ili m'chitini cha misomali kwathu, sanaifunsenso.

Msilikali wopuma,
Senga Bay, Salima