Akhristu tikupha anzathu ndi miseche yovala Baibulo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi akhristu anzanga kudzera mu nyuzipepala yanuyi chifukwa nkhaniyi ku tchalitchi anthu amangoizemba. Miseche yafika povuta mmipingo yathu ndipo chondipweteka kwambiri nchakuti masiku ano yavala zauzimu. Munthu sanenanso kuti bwera ndikuuze za mayi uje, amati abale tiyeni tiwapempherere mayi uje chifukwa ndamva kuti banja lawo ili ndi ili, nde kuyamba kufotokoza zonse mpaka zakuchipinda, pemphero lenilenilo miniti imodzi koma nkhaniyo ola lathunthu. Pofika madzulo ili pa gulupu ya WhatsApp ya amayi, mawa ili ku kwaya, mkucha wina wajambula voice note waponya kwa achibale ku Joni, mwini wakeyo sanafunsidwe olo kamodzi.

Baibulo pa nkhani iyi silinabise mawu. Lamulo loletsa kuchitira mnzako umboni wonama lili mu Eksodo 20:16, mu mndandanda womwewo ndi usaphe ndi usabe, koma ife timalitenga ngati kalamulo kakang'ono. Levitiko 19:16 akuletsa kuyendayenda ndi ukazitape pakati pa anthu a mtundu wako ndipo mu vesi yomweyo akunenanso za mwazi wa mnansi wako. Kale ndinkadabwa kuti miseche ndi mwazi zikukhala bwanji mu vesi imodzi, koma aliyense amene akutsatira nkhani za mdziko muno sangadabwenso.

Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi chifukwa mtsikana wina anawombedwa ndi mphenzi, akuti iwowo ndi amene anatumiza. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinavuta ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre, anthu anaphedwa chifukwa chongoti ndi achilendo kapena anyamula chikwama chokaikitsa. Zonsezi sizinayambe ndi miyala kapena zikwanje ayi, zinayamba ndi akuti akuti, wina kunong'oneza wina. Nde tisanamizane, dziko lino ambiri timadzitcha akhristu, ndiye kuti pakati pa anthu amene anafalitsa mawuwo panali ena oti Lamulungu anali atakhala pa benchi akuimba nyimbo.

Werengani nkhani ya Naboti pa 1 Mafumu 21 muone mmene zimayendera. Mfumu Ahabu inkafuna munda wamphesa wa Naboti, Naboti anakana chifukwa unali cholowa cha makolo ake. Yezebeli, mkazi wa Ahabu, sanatume asilikali, analemba makalata kwa akuluakulu a mzinda kuti alengeze kusala kudya, amukhazike Naboti kutsogolo kwa anthu, kenako anthu awiri opanda pake aime anene kuti watukwana Mulungu ndi mfumu. Anamutulutsa kunja kwa mzinda nkumuponya miyala, munda nkutengedwa. Taonani bwino, panali kusala kudya, panali mboni, dzina la Mulungu linatchulidwa, chilichonse chinkaoneka chachipembedzo koma pansi pake panali munda basi. Kumudzi kwathu kuno nzimodzimodzi, gogo amene akunenedwa ufiti nthawi zambiri ndi wamasiye, alibe omuimira, ndipo ali ndi dimba kapena puloti imene ena akuilakalaka. Mulungu anatuma Eliya kukakumana ndi Ahabu mmunda momwemo, sananene kuti zapita zapita.

Apa ndifike kwa azitumiki ena amene pa mkumano amaima nkunena kuti ndikuona mayi wachikulire wa kubanja kwanu ndi amene anamanga mimba yanu, kapena wakutsekerani mwayi wa ntchito. Bambo mneneri, mwatchula munthu amene palibepo, sangadziteteze, ndipo mukabwerera kwanu pa galimoto iyeyo atsala ndi adzukulu okwiya. Deuteronomo 19:15 akuti mlandu usakhazikike pa mboni imodzi, pafunika ziwiri kapena zitatu, ndipo Nikodemo anafunsa Afarisi anzake pa Yohane 7:51 ngati chilamulo chimaweruza munthu asanamve mbali yake. Loto lanu si mboni ziwiri. Ngakhale malamulo a boma, lamulo la Witchcraft Act la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, nde inu mukuphwanya la Mulungu ndi la Kaisara nthawi imodzi.

Ena andiyankha kuti kodi ndiye tizingoonerera tchimo eti? Ayi sindikunena zimenezo. Mawu a Yesu oti musaweruze pa Mateyu 7 anthu amawagwiritsa ntchito molakwika mbali zonse ziwiri, wina akadzudzulidwa pa katangale kapena pomenya mkazi amathawira pomwepo. Koma Yesu sanati kachitsotso kasiyidwe mmaso mwa mbale wako, anati yamba wachotsa mtengo uli mdiso lako kuti uone bwino pochotsa kachitsotsoko, kusiyana ndi anyani osekana zikundu. Ndipo njira yake anaipereka pa Mateyu 18:15-17. Mbale wako akachimwa pita ukamuuze muli awiri, akakana tenga mmodzi kapena awiri, akakananso ndi pamene ukauze mpingo. Ife tinatembenuza, timayamba ndi mpingo wonse, kenako Facebook, mwini wake amamva pomaliza kwa mwana wake amene anzake akumuseka kusukulu. Kupita kwa munthu maso ndi maso kumafuna kulimba mtima komanso chikondi, kufowada meseji sikufuna chilichonse koma bandulo.

Ndipo ngati nkhani ndi yoti mwana akugwiriridwa kapena munthu akumenyedwa, kukanena ku polisi ku victim support si miseche, kumeneko nkupulumutsa moyo. Chimene Yakobo 4:11-12 akuletsa ndi kunenerana zoipa ndi kukhala pa mpando wa woweruza, umene mwini wake ndi mmodzi yekha. Yakobo yemweyo pa mutu 3 akudandaula kuti ndi lilime lomwelo timatamanda Mulungu nkutembereranso anthu olengedwa mchifaniziro chake. Ine zimandiwawa ndikaona mtsikana wasiya kwaya chifukwa anamunamizira mimba, miyezi yadutsa mimba palibe, koma palibe olo mmodzi wapita kukapepesa kwa iye kapena kwa makolo ake, aliyense ali phee ngati sanalankhule.

Pempho langa kwa abusa, ansembe ndi akulu ampingo ndi ili. Mumaimitsa anthu mgonero chifukwa cha mowa ndi chigololo, chabwino, koma muyambenso kuitana onamizira anzawo, ndipo amene wapezeka kuti ananama akabweze mawu ake pamalo pomwe anawanena, ngati panali pa gulupu alembe pa gulupu pomwepo. Ma admin a magulupu a mpingo mukaona dzina la munthu likukokedwa fufutani meseji ndipo muimbireni wolembayo. Nanunso amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a mmiphakati, mukamayendera odwala muziwayenderanso agogo amene mudzi wawasala chifukwa chonenedwa ufiti, mukhale nawo pakhonde masana anthu akuona.

Mkhristu wokhudzidwa,
Balaka