Kochi wa mpira wa ku America ayambe ndi anthu akutsogolo, woponya abwere pambuyo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya mpira wa ku America, umene achinyamata ena a kuno ku Angonia ayamba kuutsatira pa mafoni awo, mpaka kukhala maso usiku wa Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho chachikulu cha mpirawu, ngakhale kuti masewerowo kwathu kuno amayamba cha m'ma 1:30 usiku. Ine ndine mphunzitsi, ndipo Loweruka lililonse ndimakumana ndi anyamata ndi atsikana ochepa pabwalo la sukulu kuti tiyeserere masewerawa. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti aliyense amene wayamba kukonda mpirawu amafuna kukhala quarterback, amene amaponya mpira, ndipo ngakhale akuluakulu amene akufuna kuthandiza ana amaganiza kuti ntchito ya kochi ndi kupeza mwana wa dzanja lamphamvu basi. Ndikuona kuti kumeneko n'kuyamba kufolera nyumba mizati isanazikidwe.

Kwa amene sanauonerepo, timu imene ili ndi mpira imakhala ndi osewera 11 m'bwalo, ndipo imapatsidwa maulendo anayi kuti isunthe mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Ikakwanitsa, imapatsidwanso maulendo ena anayi, mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo ndi kupeza touchdown, yomwe ndi mapointi 6. Pa osewera 11 amenewa, asanu amaima kutsogolo mondanda, mapewa pafupifupi kugundana: wapakati wotchedwa center, amene amayambitsa masewero popereka mpira kudzera pakati pa miyendo yake, ma guard awiri m'mbali mwake, ndi ma tackle awiri kunsonga. Anthu asanuwa sagoletsa, mayina awo satchulidwatchulidwa, koma woponya mpira amakhala ndi masekondi awiri kapena atatu okha oti aone mnzake ndi kuponya, ndipo masekondiwo amamugulira ndi iwowa.

Amene akutsutsa akumbukire zimene zinamuonekera Patrick Mahomes, quarterback wa timu ya Kansas City Chiefs, yemwe palibe amakayikira luso lake. Mu February 2021 timu yake inalowa mu Super Bowl ma tackle ake odalirika atavulala, ndipo Tampa Bay Buccaneers inawagonjetsa 31 kwa 9, a Chiefs osapeza touchdown ngakhale imodzi, Mahomes akungothawathawa chambuyo usiku wonse ngati mbuzi yoonedwa m'munda mwa eni. Mu February 2025 zinabwerezanso pamene Philadelphia Eagles inawachinya 40 kwa 22 ndi kumugwetsa pansi kasanu ndi kamodzi mpira uli m'manja. Dzanja linali lomwelo, mutu unali womwewo, koma mpanda wa kutsogolo kwake unali utagumuka. Ife a ku Angonia sitifunika kutiuza zambiri pa zimenezi, chifukwa tinakula tikuona ngolo zodzaza mbatatesi zikupita ku msika wa ku Ulongwe, ndipo tikudziwa kuti ng'ombe ziwiri zikapanda kuzolowerana pa goli, woyendetsa akhale waluso chotani, ngolo imakathera mu ngalande. Kochi wanzeru amathera nthawi yake yambiri pa anthu asanuwa, kuwaphunzitsa kanyamulidwe ka phazi loyamba, poika manja, ndiponso kuti aliyense adziwe mdani amene ndi wake mpira usanayambe kuyenda.

Pamenepa ndivomere kulakwa kwanga. Pamene m'bale wanga wina anatibweretsera mpira wosongoka uja kuchokera ku Johannesburg, ndinakhala pansi masabata awiri ndikukopera m'kope masewero oposa 20, ndiye kuti mapulani a koyenera kuthamangira wosewera aliyense, amene ndinawaona pa YouTube, mivi ikupingasana patsamba ngati ukonde wa kangaude. Ana anaombera m'manja poona kopelo. Tsiku loyamba kugawana matimu awiri kuti tiyesane, mnyamata amene ndinamuika pakati anaponya mpira modutsa pamwamba pa mutu wa quarterback wake, mpirawo n'kukagwera m'munda wa nyemba wa kuseri kwa bwalo, ndipo mwini munda, mayi wachikulire, anatibwezera atatifunsa kaye ngati tinabwera kudzaphunzitsa ana kapena kudzathyola nyemba zake. Zinachitika katatu masana amenewo. Masewero anga 20 aja sanaoneke ngakhale amodzi, chifukwa chinthu choyambirira penipeni, kupatsirana mpira pakati pa anthu awiri, sitinachiyeserere n'kamodzi komwe.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kopelo kunyumba ndipo tinatsala ndi masewero anayi okha. Pambuyo pake ndinadzamva kuti Vince Lombardi, kochi amene chikho cha Super Bowl chinatengera dzina lake, anamanga timu ya Green Bay Packers pa sewero limodzi lothamanga ndi mpira chakumbali, ma guard awiri akutuluka pamzere kukamulambulira njira wonyamula mpirayo. Adani ankadziwa kuti likubwera, koma osewera ake analibwereza kambirimbiri poyeserera moti kuliletsa kunali kovuta, ndipo timuyo inatenga ma Super Bowl awiri oyambirira, mu 1967 ndi 1968. Mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu ku America, timu imakhala ndi masekondi 40 okha pakati pa sewero lina ndi linzake, choncho wosewera amene akuganizirabe koti apite ndiye kuti wachedwa kale. Sewero liyenera kukhala m'miyendo, monga mmene mayi wosinja saganizira kagwiridwe ka munsi. Ife tinawapatsanso masewero athu mayina a kwathu kuti ana asavutike ndi Chingerezi. Tikati Zobue ndiye kuti wolandira mpira athamange ulendo wautali osakhota, tikati Calomue ndiye kuti apite pafupi n'kutembenuka msanga, ndipo palibe mwana amene anasokonezapo awiriwa.

Palinso nkhani yosunga mpira, imene sindikufuna kuitalikitsa chifukwa ndi yodziwikiratu. Timu imene ikugwetsa mpira kapena kuponyera adani imadzipha yokha, ndipo imene ikulangidwa kawirikawiri imabwerera m'mbuyo ndi miyendo yake yomwe: wakutsogolo akasuntha sewero lisanayambe, timu imabwezedwa mayadi 5, akakoka mdani ndi manja imabwezedwa mayadi 10. Mwana aphunzire kutseka nsonga ya mpira ndi zala, kuukanikiza pa mkono ndi pa chifuwa, ndipo anzake aziyesa kuumenya kuti ugwe nthawi iliyonse ya kuyeserera.

Chimene ndikufuna makochi anzanga achiganizire mofatsa ndi kusoka malaya molingana ndi thupi la mwini wake. Bill Walsh, asanatchuke, anali wothandizira kochi ku Cincinnati Bengals, ndipo anapezeka ali ndi quarterback wotchedwa Virgil Carter, amene sankatha kuponya kutali koma ankalunjika bwino ndiponso anali wochenjera. Walsh sanamukakamize kukhala munthu wina. Anakonza kaseweredwe ka mipira yaifupi, yoponyedwa msanga, momwe mapazi a woponya ndi mapazi a wolandira amawerengedwa kuti akumane pa nthawi yake, ndipo kaseweredwe komweko ndi kamene anadzapambana nako ma Super Bowl atatu ndi San Francisco 49ers, woponya wake ali Joe Montana, amene matimu anamudumpha mpaka gawo lachitatu la kusankha osewera mu 1979. Walsh ankalembanso masewero oyambirira a tsikulo asanalowe m'bwalo, kuti asamasankhe zochita mtima uli m'mwamba. Ana athu ambiri ndi owonda, aliwiro, opirira chifukwa amayenda mtunda wautali popita kusukulu, ndipo anazolowera kale kupezana mipata mu mpira wa miyendo. Kuwauza kuti aziponya mayadi 40 ngati a pa kanema n'kuwalakwira. Mpira wa mayadi asanu wofika m'manja, wolandirayo n'kuthamanga nawo mayadi ena asanu, wakwanitsa kale zimene malamulo akufuna.

Wina anganene kuti zonsezi n'zachabe kwa ife, popeza zipewa zolimba ndi zotchinga mapewa n'zodula ndipo sizipezeka m'masitolo a ku Ulongwe kapena a mumzinda wa Tete. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindilola ana kugwetsana pansi popanda zodzitetezera, makamaka pa mabwalo athu ouma gwa m'chilimwe. Ife timasewera mtundu wina wotchedwa flag football, momwe m'malo mogwetsa munthu umangosolola kansalu kamene wakoleka m'chiuno, ndipo tinsalu tathu tinang'amba ku chitenje chakale cha mayi a kunyumba. Mtundu umenewu, wa anthu asanu mbali iliyonse, udzaseweredwa pa masewero a Olimpiki a ku Los Angeles mu 2028. Mmenemo mulibe mzere wa anthu asanu otchinga, koma mfundo yake sisintha, chifukwa woponya alibe mpanda, choncho chimene chimamuteteza ndi mpira wochoka bwino m'manja mwa center ndi wolandira amene wafika pamalo pake pa nthawi yake. Mphindi 20 zoyambirira za Loweruka lililonse timazithera pa zimenezi zokha, ndipo ana amadandaula kuti n'zotopetsa, koma mayi wa nyemba uja sitinamuvutitsenso chaka chino.

Chigawo chathu cha Tete chimadziwa kukonda masewera, ndipo tonse tinasangalala pamene timu ya UD Songo inatenga chikho cha Moçambola, ligi yaikulu ya mpira wa miyendo ku Mozambique, mu 2017 ndi 2018. Sindikunena kuti mpira wa ku America ungalande malo a mpira wa miyendo, ndipo sindikufunanso kuti utero. Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mukamalemba za masewerawa pa tsamba lanu, muzitchulako ndi anthu akutsogolo aja, ndi kufotokoza amene anatsegula mpata umene wogoletsayo anadutsa, chifukwa ana anga amawerenga, ndipo mpaka lero ndikafunsa amene akufuna kukhala center, onse amayang'ana pansi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Ulongwe,
Angonia, Tete