Kalata yotseguka kwa Meya wa mzinda wa Blantyre pa nkhani ya moto wolusa m'mapiri athu

Olemekezeka a Meya,

Ndikulemba kalatayi ndili ku Chilomoni, m'tsinde mwa phiri la Michiru, kumene chaka ndi chaka, kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, timaona mzere wofiira wa moto ukukwera phiri usiku, ndipo kukacha timasesa phulusa pakhonde. Anzathu okhala pafupi ndi mapiri a Ndirande, Soche, Bangwe ndi Mpingwe amaonanso zomwezi. Pempho langa ndi lakuti khonsolo yathu iike mtima pa ntchito yoteteza mapiriwa ku moto monga momwe imaikira mtima pa ntchito yodzala mitengo.

Nyengo yodzala mitengo imayamba mu Disembala ndi kutha mu Epulo, ndipo anthu timadzipereka ndithu, koma mbande yodzalidwa mu Januwale imafika mu Okutobala ikadali yaifupi kuposa tsekera amene aizungulira, kotero moto wa tsiku limodzi umafafaniza thukuta la dzinja lonse.

Moto umafuna zinthu zitatu kuti uyake: kutentha, mpweya ndi zoti udye, zomwe ndi udzu, masamba ndi nthambi zouma. Dzuwa ndi mphepo sitingazilamule, koma udzu tingathe kuuchepetsa. Njira yoyamba ndi kulambula misewu yotchinga moto kuzungulira nkhalango, mpaka dothi lionekere, udzu usanaumitsitse. Yachiwiri, imene ambiri amaidabwa akaimva, ndi kutentha tchire msanga, mu Meyi kapena Juni, chigawo ndi chigawo, m'mawa kapena madzulo mphepo itadekha. Pa nthawi imeneyo udzu umakhala ukadali ndi chinyezi, motero moto umayenda pansi pang'onopang'ono ndipo misuku ndi mombo zimapulumuka, pamene moto wa mu Okutobala umanyambita mpaka kunsonga za mitengo. Pamene pali mbande zazing'ono sipoyenera kutenthapo konse. Pamenepo pamafunika kupalira.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri ndi anyamata athu amene amathamangira kuphiri ndi nthambi zaziwisi, mtima uli wabwino, koma popanda wowalangiza. Moto uli ndi mutu (kumene ukulowera), mbali ndi mchira (kumene wachokera). Umathamanga kwambiri pokwera phiri chifukwa malawi amayamba aumitsa ndi kutenthetsa udzu wa kumtunda asanaufikire, choncho munthu woima kumtunda kwa mutu wa moto waika moyo wake pachiswe. Wodziwa ntchitoyi amayambira kumchira, namatsata m'mbali, lupsa lili kumbuyo kwake kuti mphepo ikatembenuka athawirepo. Kuyatsa moto wina woti ukakumane ndi woyambawo ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa okha. Ndipo malawi akazima ntchito imakhala isanathe, pakuti chitsa chofuka utsi chimatha kudzutsanso moto usiku anthu atabalalika.

Galimoto yozimitsa moto singakwere kumene kulibe msewu. Oyamba kufika pamoto ndi anthu okhala m'tsinde mwa phiri, ndipo ndi iwowa amene ayenera kumva zonsezi m'Chichewa chomveka, pamisonkhano ya mafumu, m'mipingo, m'sukulu ndi pawailesi, pamodzi ndi osaka mbewa, ootcha makala ndi ososa m'minda, amene moto wambiri umayambira m'manja mwawo.

Tonse tikukumbukira mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche nakwirira abale athu ku Chilobwe ndi ku Manja. Moto si wokhawo umene unavula mapiri athu, chifukwa nkhwangwa nayo inachitapo zake, koma ndi moto umene umapha mphukira za pazitsa chaka chilichonse, phiri n'kukhalabe lambee mvula ikamabwera.

Ndikupempha tsono, a Meya, kuti mwezi wa Meyi usanathe muitanitse a Dipatimenti ya Nkhalango, makhansala, mafumu ndi ozimitsa moto a khonsolo, kuti dera lililonse la m'tsinde mwa phiri likhale ndi gulu lophunzitsidwa, lokhala ndi makasu, zikwanje ndi nsapato zolimba, komanso tsiku lodziwika loyamba kulambula. Ife a ku Chilomoni tikangomva tsikulo tidzabwera ndi makasu athu.

Ine wanu,
Nzika ya ku Chilomoni, Blantyre