Mtengo wa Mkono Umodzi Mwezi wa July

South Bend, Indiana

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Zomba. Kuno tonse tili bwino, kungoti dzuwa likuswa mtengo pamene inu mukufunda mabulangete awiriawiri.

Mu uthenga wanu uja munati simukumvetsa kuti timu yanzeru ingapereke bwanji anyamata anayi chifukwa cha munthu mmodzi woti akhala nayo miyezi itatu yokha. Funsoli ndi limene anthu okonda baseball amakanganirana chaka ndi chaka mwezi uno, ndiye ndaona kuti pa foni sitingamalize, bola ndilembe.

Mu mpira wamiyendo umene tinakulira, Bullets ikafuna wosewera wa timu ina imakamba za ndalama. Kuno amasinthana anthu. Matimu 30 a Major League amasewera magemu 162 iliyonse, ndipo chakumapeto kwa July kapena kumayambiriro kwa August pamakhala tsiku lotsekera kusinthana osewera. Pofika tsikulo magemu opitirira 100 amakhala atatha, ndiye aliyense amadziwa pamene wayima. Amene zawavuta amagulitsa akatswiri awo. Amene akuona kuti afika mu ndime ya chikho mu October amagula, ndipo katundu wosowa kwambiri pa msikawu ndi woponya mpira wodalirika, munthu amene amaponyera omenya a timu inayo n'cholinga chowatulutsa. Malipiro ake ndi anyamata amene akadali m'matimu aang'ono, amene sanayambe asewerapo mu ligi yaikulu. Mnyamata wotereyu akakwera, timu imakhala naye zaka 6 asanakhale ndi ufulu wosankha kopita, ndipo zaka zitatu zoyambirira amalandira ndalama zochepa poyerekeza ndi akatswiri. Choncho wogulayo amapereka zaka 6 za munthu amene mwina adzakhala katswiri, n'kulandira miyezi itatu ya munthu amene ndi katswiri kale. Zili ngati mlimi wopereka mwana wa ng'ombe wamkazi, woti adzadzaza khola, kuti apeze ng'ombe yokoka ngolo chifukwa fodya wake wapsa m'munda lero.

Ife a ku South Bend nkhaniyi imatikhudza mwapadera, chifukwa kuyambira 2015 timu ya mumzinda muno ndi nazale ya Chicago Cubs. Anyamata amene amaperekedwawo timawaona ndi maso pa Four Winds Field, tikiti yake yotchipa, tili pafupi moti umamva phokoso la mpira ukamalowa m'gulovu. Gleyber Torres anasewera pano mu 2015, kamnyamata ka ku Venezuela ka zaka 18 koma kodekha ngati munthu wamkulu. Eloy Jiménez anabwera mu 2016, chimphona cha ku Dominican Republic chosekerera nthawi zonse, ndipo chaka chimenecho anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Midwest League, ligi ya matimu aang'ono imene timu yathu imaseweramo. Dylan Cease anali nafe mu 2017. Onse atatu anaperekedwa posinthana ndi oponya mpira, ndipo palibe mmodzi yemwe anavalapo yunifomu ya Cubs mu ligi yaikulu.

Pa 25 July 2016 Cubs inapereka Torres ndi anthu ena atatu ku New York Yankees n'kutenga Aroldis Chapman, wa ku Cuba, woponya ndi dzanja lamanzere pa liwiro lopitirira mamailosi 100 pa ola. Ntchito yake inali yotsekera gemu, kawirikawiri inning imodzi yomaliza basi mwa zigawo 9 za gemu zimene amazitcha ma inning. Kontilakiti yake imatha chaka chomwecho. Pa pepala malondawa ankaoneka opusa. Koma Cubs inali isanatenge World Series, ndime yomaliza ya chikho imene woyamba kupambana magemu anayi ndiye amatenga, kuyambira 1908, ndipo chaka chimenecho inali timu yabwino kuposa onse, inamaliza ndi magemu 103 opambana. Chimene chinkasowa chinali munthu woti apatsidwe mpira mu October zinthu zitafika pa mponda chimera. Mu August oponya awiri amene timu inkadalira kumapeto kwa gemu, Pedro Strop ndi Héctor Rondón, onse anavulala, ndiye kufunika kwa Chapman kunaonekera poyera.

Mu World Series Cleveland inatsogola magemu atatu kwa imodzi. Gemu yachisanu mphunzitsi wa Cubs Joe Maddon analowetsa Chapman mu inning ya 7, ndipo iye anatulutsa omenya asanu ndi atatu mpaka mapeto, Cubs n'kupambana 3-2. Popanda usiku umenewo kukanakhala kutha. Anamugwiritsanso ntchito mu gemu yachisanu ndi chimodzi ngakhale timu inali patsogolo kwambiri, zimene mpaka lero ndimaona kuti kunali kumutopetsa chabe. Pa gemu yomaliza, pa 2 November, mkono unali utalema. Rajai Davis wa Cleveland anamumenyera home run, kumenya mpira mpaka kugwera kuseri kwa mpanda, mu inning ya 8, zigoli n'kukhala 6-6. Kunagwa mvula, masewero anaima mphindi 17, ndipo Cubs inapambana 8-7 mu inning ya 10. Mwezi wotsatira Chapman anabwerera ku Yankees komweko pa kontilakiti ya zaka 5 ya madola 86 miliyoni. Yankees inatsala ndi onse awiri, Chapman ndi Torres, ndipo Torres anamenya ma home run 38 mu 2019.

Ngakhale zili choncho, pa nkhani ya masewero malondawa ndimawavomereza ndi mtima wonse. Chimene sindinagwirizane nacho n'china. Chapman anali atangomaliza chilango cha magemu 30 chimene ligi inamupatsa pa nkhani ya nkhanza za m'banja, ndipo amayi ambiri okonda timuyi anakhumudwa. Iwo anali ndi chifukwa chomveka, ndipo chikho sichinafafanize zimenezo.

Chimene anthu amaiwala n'chakuti amene anatulutsa womenya womaliza usiku uja sanali Chapman. Anali Mike Montgomery, amene Cubs inamutenga mwakachetechete ku Seattle masiku asanu Chapman asanabwere, popereka Dan Vogelbach, mnyamata amene analibe malo chifukwa Anthony Rizzo anali atakhazikika kale pa malo amene iye amasewera, a first base. Malonda abwino a July ambiri amakhala otere, kupereka chimene uli nacho chambiri.

Tsopano za 2017, zimene zimandiwawa mpaka pano. Pa 13 July Cubs inapereka Jiménez, Cease ndi ena awiri kwa White Sox, oyandikana nawo mu Chicago momwemo, n'kutenga José Quintana wa ku Colombia. Apa aliyense anati nzeru zagwira ntchito. Quintana anali woponya woyamba gemu, osati wotsekera ngati Chapman, anali ataponya ma inning 200 kapena kuposerapo zaka zinayi zotsatizana, kontilakiti yake inali yotsika mtengo ndipo timu ikanakhala naye mpaka 2020. Gemu yake yoyamba ku Baltimore anaponya ma inning 7 osamwetsedwa ngakhale kamodzi, natulutsa omenya 12 osaukhudza bwino mpira. Koma pambuyo pake anangokhala woponya wapakatikati, womwetsedwa ma run, ndiye kuti zigoli, opitirira anayi pa ma inning 9 alionse. Cubs inagonja kwa Dodgers mu October chaka chimenecho ndipo sinabwererenso ku World Series. Mu 2020 Quintana anadzicheka chala chachikulu akutsuka mbale, n'kuponya pang'ono chabe chaka chake chomaliza.

Cease ndinamuona pano miyezi yochepa asanapite. Anali atachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 2014, ndiye ankamusamala, osamulola kuponya ma inning ambiri. Mpira wake unali wothamanga koma wosamvera, nthawi zina umapita kumene iye sanafune. Mu 2022 anakhala wachiwiri kwa Justin Verlander pa mphotho ya Cy Young, imene imaperekedwa kwa woponya wopambana mu ligi, ndipo mu July 2024, ali ku San Diego, anaponya gemu yonse ku Washington popanda womenya aliyense kupeza hit, ndiye kuti kumenya mpira n'kufika pa base osatulutsidwa. Jiménez anayamba bwino, ma home run 31 mu 2019, kenako kuvulala kunamuchulukira.

Kusiyana kwa malonda awiriwa ndi kumene ndikufuna mukuone. Mu 2016 timu inali yokwanira kale, imasowa chinthu chimodzi chodziwika dzina, ndipo inagula munthu wopambana onse pa ntchito imeneyo. Mu 2017 timu inali yotopa, theka loyamba la chaka inagonja magemu ambiri kuposa amene inapambana, ndipo inagula munthu wabwino chabe kuti atseke dzenje, pa mtengo wa katswiri. Zaka zitatu ndi theka za woponya wapakatikati zinaoneka zambiri pa pepala, koma woponya wotereyu umatha kumupeza ndi ndalama nthawi yozizira ya kuno, ligi itatha, osapereka mwana aliyense. Mkono umene umasintha October sugulitsidwa paliponse, ndipo ndi wokhawo umene ine ndingauperekere anyamata anga abwino.

Anzanga ena pano, makamaka ochokera ku Michigan, amatsutsa ndi dzina limodzi, John Smoltz. Mu 1987 Detroit inamupereka ku Atlanta ali ndi zaka 20, mwana wa kwawo komweko, n'kutenga Doyle Alexander. Alexander anapambana magemu 9 osagonja ngakhale imodzi, Detroit inatenga chigawo chake, koma inagwetsedwa ndi Minnesota isanafike ku World Series. Smoltz anapambana magemu 213, anatseka ena 154, ndipo analowa mu Hall of Fame, m'ndandanda wa akatswiri olemekezeka a baseball, mu 2015. Ululu wawo ndimaumva. Koma Alexander anachita zonse zimene anamugulira, ndipo chaka chimenecho Smoltz ankavutika mu timu yaing'ono, palibe amene akanalumbira kuti adzafika kumene anafika. Pa mbali inayo pali Verlander, amene Detroit yomweyo inamutumiza ku Houston mu 2017 posinthana ndi anyamata atatu otamandidwa. Mwa atatuwo Jake Rogers yekha ndi amene anakhazikika, ndipo palibe amene anayandikira n'komwe msinkhu wa Verlander. Anyamata otamandidwa ambiri amathera m'njira, makamaka oponya, chifukwa kamtsempha kamodzi ka m'chigongono kakaduka ndiye chaka ndi miyezi ingapo panja.

Ndiyeneranso kunena kuti Cubs ya 2016 inamangidwa ndi malonda omwewa, iyo ili mbali yogulitsa. Kyle Hendricks, amene anayamba gemu yomaliza ija, anachokera ku Texas mu July 2012 posinthana ndi Ryan Dempster. Jake Arrieta ndi Strop anachokera ku Baltimore mu July 2013 posinthana ndi Scott Feldman, ndipo Arrieta anatenga Cy Young mu 2015. Texas ndi Baltimore anagula oponya apakatikati, monga mmene Cubs inadzachitira ndi Quintana.

Chimodzi chimene sindinachizolowere n'chakuti anyamatawa safunsidwa. Akatswiri ena ali ndi mphamvu yokana, Verlander anachita kuvomera yekha, koma mwana wa zaka 20 amangoitanidwa mu ofesi n'kuuzidwa kuti alongedze. Cease anachoka pano kupita ku Kannapolis, ku North Carolina. Jiménez tsiku la malonda timu yake ya Myrtle Beach, nazale ina ya Cubs, imasewera ndi timu yaing'ono ya White Sox, ndiye anangosintha chipinda chovalira n'kuyamba kulimbana ndi anzake a dzulo. Masabata ano ndikakhala pa bwalo ndimaona amuna okhala kumbuyo kwa wowakha mpira, atanyamula timakina toyezera liwiro ndi timabuku, ndipo ndimadziwa kuti mmodzi mwa ana amene ndikuwaonawa sabata yamawa kulibe.

Mundilembere maganizo anu, makamaka pa nkhani ya Smoltz, chifukwa ndikudziwa kuti inu pa za ana a timu simugonja msanga. Chipewa cha Cubs chimene mwana wanu wamkulu anapempha ndagula, ndipatsira munthu amene akubwera kumeneko mu September. Mundiperekere moni kwa mayi ndi onse kunyumba.

Ndatha ine mnzanu,
wa ku South Bend