Za mankhwala a makoswe, mphemvu ndi nsikidzi pa shopu pathu

Makasitomala athu okondedwa, amayi, abambo, achimwene ndi achemwali nonse amene mumagula kwa ife kuno ku Joni, tikupatsani moni.

Kuyambira Lolemba likubwerali kagulitsidwe ka mankhwala ophera tizilombo kasintha ndiye tati tikuuzeni pasadakhale kuti tisamadzakangane pa kauntala. Mankhwala onsewa tawachotsa pa shelefu ija ya pafupi ndi ufa, usipa ndi mpunga wa Kilombero, tsopano azikhala mu kabati yokiya kumbuyo, mukafuna muzinena tikutengereni. Tizigulitsa okhawo omata m'paketi kapena m'botolo lake la ku fakitale, osatsegula, osagawa pang'onopang'ono ngakhale mutati ndalama yachepa. Mwana mukamutuma sitimupatsa, bwerani nokha akuluakulu.

Chifukwa chake ndi malamulo a dziko lino. Mankhwala aliwonse ophera tizilombo, kaya a kumunda kaya a m'nyumba, amayenera kulembetsedwa ku unduna wa zaulimi pansi pa lamulo lotchedwa Act 36 of 1947, ndipo akalembetsedwa amapatsidwa nambala yoyamba ndi L yomwe imalembedwa pa lebulo. Tengani chitini cha Doom kapena bokosi la Rattex mutembenuze, muona timalemba ting'onoting'ono totchula lamuloli ndi nambala yake. Chopanda nambala imeneyo kuchigulitsa ndi mlandu, ndipo ukangotsanulira mankhwala m'botolo lina lopanda lebulo, olo akhale ovomerezeka, walakwa kale. Amawaikanso m'magulu malinga ndi kuopsa kwake, enanu mukukumbukira mizere ya pansi pa lebulo ija, yofiira pa oopsa kwambiri, kenako yachikasu, yabuluu, yobiriwira, pano malebulo atsopano akubwera ndi tizithunzi monga chigaza ndi mafupa. A gulu la pamwambalo si a m'nyumba ayi, ndipo shopu ngati yathu ilibe chilolezo chowasunga nkomwe.

Ndiye tifike pa nkhani ija imene ambiri mumatifunsa monong'ona, ya timchenga tija kumudzi timati tameki. Kuno ena amati two step ena halephirimi, timagulitsidwa m'timapepala tomanga pa renki ya ma taxi ndi m'misewu. Tameki weniweni ndi aldicarb ndipo analetsedwa kuno mu 2016. Zambiri zimene zikuyenda pano ndi terbufos, mankhwala a kumunda othira m'nthaka, amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika m'gulu la Ia, loopsa kuposa onse. Mu October 2024 ana 6 ku Naledi ku Soweto anamwalira, ndipo a zaumoyo atayeza anapeza kuti ndi terbufos yemweyu. Ndi zimene zinapangitsa kuti pa 15 November chaka chomwecho pulezidenti Cyril Ramaphosa alamule kuti ma spaza onse, timashopu ting'onoting'ono ta m'makomboni, ndi malo ogulitsa zakudya akalembetse ku manisipala, kenako mu June 2025 nduna za boma zinavomereza kuti terbufos aletsedwe. Ife tilibe, sitiitanitsa, komanso chonde musatifunse kuti tikulozereni kogula.

Tikudziwa chimene mutiyankhe, mumanena tsiku ndi tsiku kuti za m'bokosizi sizigwira, khoswe amadya mawa lake ali bwinobwino akuthamanga pa denga. Zimagwira koma mochedwa, zinapangidwa choncho. Zimalepheretsa magazi kuundana ndiye khoswe amafa patapita masiku angapo, ndipo ngati mwana wadya mwangozi achipatala amakhala ndi nthawi yomuthandiza, ngakhale nazonso ndi poizoni ndithu osazisiya poyera. Timchenga tija sitipereka mpata wotero. Taganizani mmene timakhalira ambirife, chipinda chimodzi ku Rosettenville kapena ku Hillbrow, bedi apo, sitovu apo, thumba la ufa pansi pa tebulo, kachidutswa ka buledi kopaka mankhwala kaikidwa kuseri kwa friji, mwana wokwawa akuona buledi basi, mayi ake ali ku ntchito ndipo amene wamusiyira sakudziwa kuti munathira chinthu. Izi zimatiwawa kwambiri chifukwa ana anuwa timawadziwa, amabwera kudzagula maswiti pompano.

Mtengo ukhala wokwererako poti muzigula paketi yonse, izi sitikubisa. Ngati yakula mutha kusonkherana ndi aneba a pa yadi imodzi, koma paketiyo isungidwe ndi munthu mmodzi m'bokosi lake lomwelo, pamwamba, osathira m'botolo la zakumwa. Tabweretsanso misampha ya makoswe yotsika mtengo komanso timabokosi totseka toikamo nyambo kuti mwana kapena mphaka asafikire. Pa nsikidzi zikachuluka kupopera nokha sikuthandiza kwenikweni makamaka ngati nyumba yonse ili nazo, lankhulani ndi a landilodi aitane munthu wopopera wolembetsedwa, ndipo mufunseni akuonetseni setifiketi yake asanayambe.

Kwa inu otumiza katundu kumudzi, mankhwala asalowe m'chikwama chimodzi ndi shuga, mafuta ophikira kapena zovala za ana, ulendo wa pa msewu ndi wautali ndipo zinthu zimaphulika zikapanikizana.

Ngati munthu wadya kapena kupuma mankhwala onga timchenga tija, muona akutuluka dovu lambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kupuma movutikira, timaso takuda tija tachepa kwambiri. Musamupatse mkaka, musamusanzitse ndi madzi a mchere monga tinazolowera, thamangani naye ku chipatala mutatenga paketi kapena chotsala cha mankhwalawo, kapena imbani 112 pa foni ya m'manja. Pali nambala ya akatswiri a za poizoni, 0861 555 777, imagwira usana ndi usiku, taimata pa khomo la shopu kuti muijambule.

Amene muli ndi timapepala tija kunyumba musataye mu bini kapena mu toileti, mangani bwino muike patali ndi ana kenako funsani ku kiliniki kapena ku ofesi ya zaumoyo ya manisipala kuti akuuzeni kokasiya. Ngati Chingerezi cha pa lebulo chikuvuta bwerani nayo tikuwerengereni, sitilipiritsa.

Zikomo kwambiri,
Ife a pa shopu