Chipale chofewa chimagwanso panyanja yamchere

Akonzi,

Tiloleni tiyankhe funso limene ana asukulu kuno ku Kasungu amakonda kufunsa mu June ndi July, kukazizira mpaka zala kukana kugwira cholembera: kodi chipale chofewa, chija ena amati sinowo, chimagwanso panyanja yamchere? Ambiri amati ayi, ati mchere umachiletsa. Si zoona. Chimagwa, chambirinso.

Tiyambe ndi mawu, poti chisokonezo chimayambira pamenepa. Matalala ndi aja amaboola masamba a fodya ku Santhe m'nyengo ya dzinja, olimba ngati nsangalabwi, ndipo amabwera ndi mvula yamabingu kunja kukutentha. Chisanu chimene chimawaula ndiwo m'madimba sichichokera kumwamba, chimapangika patsamba pomwepo usiku. Chipale chofewa ndi nthunzi ya madzi imene yaundana mumtambo n'kukhala tizidutswa ta nsonga 6, topepuka ngati thonje, totsika pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Tikupempha olemba nkhani asamatchule zonsezi kuti matalala.

Mtambo suyang'ana kuti pansi pali munda kapena nyanja. Nkhani yagona pa mpweya umene uli pakati pa mtambo ndi pansi. Munthu akamakwera m'mwamba, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa kilomita iliyonse. Kuno kwathu mpweya umafika pa ziro cha m'ma kilomita 4 kapena 5 m'mwamba, moti mvula yambiri imene imakhathamiritsa mizere yathu imayamba ili chipale, n'kusungunuka panjira. Kuti chifike pansi chili chomwecho, mpweya wapansi ukhale pa ziro kapena usapitirire madigiri 2. N'chifukwa chake chimapezeka pamwamba pa Kilimanjaro, phiri la mamita 5,895, koma ku Beira, ku Nacala kapena ku Senga Bay musachiyembekezere. Pa nyanja zozizira kwambiri monga ya Arctic ndi ya Bering kumpoto kwa dziko lapansi ndi imene yazungulira Antarctica kumwera, kugwa kwake si nkhani.

Nanga mchere uja? Madzi a m'nyanja akamasanduka nthunzi, mchere umatsalira, monga umatsalira mumphika msuzi ukaphwa. Chipale chogwa pakati pa nyanja chilibe mchere. Ntchito ya mchere ili pansi. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja ili ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere, ndiye madziwo saundana pa ziro koma pafupifupi madigiri 2 pansi pa ziro. Chipale chikatera pamadzi otere chimasungunuka pompo osasiya chizindikiro, n'chifukwa anthu amaganiza kuti sichinagwe. Chikagwa chochuluka pamadzi ozizira kwambiri, pamwamba pa nyanja pamaoneka ngati phala lamadzimadzi. Pamene nyanja yaundana kale, chimaunjikana ngati pamtunda.

Chodabwitsa n'chakuti nyanja yomweyo ndiyo imaphika chipale chochuluka. Mphepo yozizira ndi youma yochokera ku Siberia, m'dziko la Russia, ikamawoloka nyanja ya Japan, yomwe madzi ake ndi ofundirapo, imatola nthunzi. Madzi akafunda kuposa mpweya wa pa kilomita imodzi ndi theka m'mwamba ndi madigiri 13 kapena kuposerapo, mitambo imakula msanga. Chipale chimayamba kugwera panyanja pomwepo, chotsala chimakakhuthukira kumapiri a kumadzulo kwa Japan, chakuya mamita angapo. Mzinda wa Buffalo ku America umaona zomwezi kuchokera ku nyanja ya Erie, yomwe ilibe n'komwe mchere.

Oyendetsa sitima zapamadzi amavutika ndi chipale chifukwa chimatseka maso, koma chimene amaopa kwambiri ndi madzi a mafunde amene amathovokera pa sitima n'kuundana pa zingwe ndi pa zitsulo. Kulemera kukachuluka kumwamba, sitima yaing'ono ya asodzi imapendekeka mpaka kugubuduka, choncho amakhalira kuswa madzi oundanawo ndi zibonga n'kumawataya ndi mafosholo.

Aphunzitsi anzathu angathe kuonetsa ana za mcherezi ndi firiji chabe. Tengani mabotolo awiri apulasitiki ofanana, a theka la lita. Lina thirani madzi okha, lina madzi osakaniza ndi supuni yaikulu imodzi ya mchere yosasefukira, pafupifupi magalamu 17, ndipo mukhutchumule mpaka mchere wonse usungunuke. Aikeni moyandikana mufiriza, muziwaona mphindi 30 zilizonse. La madzi okha limayamba kuundana. Mukawasiya usiku wonse mudzapeza onse aundana, poti firiza imafika madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo ana sadzaona kusiyana. Musadzaze botolo mpaka kukamwa chifukwa madzi akaundana amafufuma ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10, ndipo lagalasi limaphulika. Magetsi akathima pakati, yambiraninso.

Aphunzitsi a jogalafe ndi sayansi,
Kasungu